Injini Ikatsimphina M'mawa, Iyesedwe Isanatenthe

Miyezi ya Juni ndi Julaye ikafika, mzinda wa Lusaka umadzuka ndi chisanu. Mzindawu unamangidwa pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, ndipo m'bandakucha wa miyezi imeneyi kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Nthawi yomweyo ndi imene magalimoto a m'makomboni amayamba ntchito: minibasi za ku Kanyama ndi ku George zotengera amayi ku msika wa Soweto, matakisi a ku Matero ndi ku Chawama, ndi timagalimoto ta mabanja a ku Mtendere ndi ku Kalingalinga toperekeza ana kusukulu. Woyenda m'njira nthawi imeneyo amamva injini zina zikulira bwino, zina zikutsokomola ndi kunjenjemera ngati munthu wa malungo.

Owerenga athu, mwezi uno tikambirane za injini zotsokomolazi. Vuto lake ndi lodziwika. Mukapotokola kiyi m'mawa injini imalira ndithu, koma imagwedeza galimoto yonse, ekizozi ikumveka phu! phu! ngati ifuna kuzima. Pakapita kanthawi kugwedezako kumaleka, ndipo tsiku lonse galimoto imayenda ngati palibe chinachitika. Mawa lake m'mawa, zomwe zija. Amakanika vuto limeneli amalitcha misi.

Ambiri timachita chimodzi mwa ziwiri. Ena timangolekerera, n'kumati galimoto nayonso imamva chisanu. Ena timapita nayo ku galaja masana, itayenda kale kuchokera ku Chawama mpaka m'tauni, ndipo makanika amaipeza ikulira bwino lomwe. Posafuna kutibweza chimanjamanja, amatiuza kuti tigule mapulagi. Akalephera mapulagi timagula koyilo, ikalephera koyilo timagula pampu, mpaka ndalama ya lendi kuthera m'sitolo ya zitsulo, misi ili pomwepo. Uphungu wathu ndi umodzi: nthenda yooneka m'mawa mokha iyenera kuyesedwa m'mawa, injini isanatenthe, ndipo chitsulo chisagulidwe chisanapezeke ndi mlandu.

Kodi misi n'chiyani?

Magalimoto ambiri a m'makomboni mwathu ali ndi injini ya masilinda anayi. M'silinda iliyonse muli pisitoni. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya ndi petulo, ikamakwera imazipanikiza, kenaka pulagi imathetheka moto ndipo zosakanizazo zimaphulika ndi kukankhira pisitoni pansi. Pomaliza pisitoni imakweranso kutulutsa utsi. Masilinda anayiwa amaphulika mopatsirana, kawirikawiri m'ndondomeko ya 1, 3, 4, 2. Injini yozizira ikamazungulira maulendo 1,200 pa mphindi, pulagi iliyonse imathetheka ka 10 pa sekondi imodzi.

Amene anakulira kumudzi amakumbukira amayi akusinja mtondo umodzi mopatsirana minsi. Mmodzi akaphonya, ngakhale uli kutali umamva kuti pasokonekera. Ndi mmene misi ilili: silinda imodzi yaphonya nthawi yake yophulika, ndipo zinzake zitatu zikuikoka. Kuti silinda iphulike pamafunika zinthu zinayi: moto wamphamvu pa pulagi, mpweya wokwanira, petulo wa muyeso wake, ndi kupanikiza kolimba. Chimodzi chikaperewera, silinda imaphonya. Ntchito yonse ya makanika ndiyo kupeza silinda imene ikuphonya, ndi chimene ikusowa mwa zinayizi.

N'chifukwa chiyani m'mawa?

Petulo sayaka bwino akadali wamadzimadzi. Amayenera kusanduka nthunzi ndi kusakanikirana ndi mpweya. Injini ikatentha zimenezi zimachitika mosavuta, ndipo muyeso wake ndi magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera. Koma zitsulo zikazizira, petulo wambiri amangomatirira m'makoma ngati mame pa udzu, osayaka. Kotero injini yozizira imafuna petulo woonjezera.

Achikulire amene anayendetsapo ma Fiat olumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira choko, kachitsulo kamene dalaivala ankakoka m'mawa kuti petulo achuluke, n'kukabweza injini ikafunda. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, misewu yathu inadzaza ndi magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, olowera pa Nakonde ndi pa Chirundu. Mu Corolla, Spacio, Vitz, Allion ndi anzake, ntchito ya choko inatengedwa ndi kompyuta. Kompyutayo imafunsa kasensa kokhala m'madzi a injini kuti kwazizira bwanji, ndipo imatsegula mainjekita molingana ndi yankho. Palinso sensa ina ya mu ekizozi, yonunkhiza utsi ndi kuuza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa, koma imeneyi siyamba ntchito mpaka itatentha kufika madigiri pafupifupi 300. Ndiye kuti poyambirira penipeni kompyuta ilibe woiwongolera. Ikanamizidwa, imakhulupirira.

Onjezerani izi: usiku labala amauma ndi kukhwinyata, zitsulo zimabwerera pang'ono, chinyezi chimakhala pa mawaya, oyilo amalimba, ndipo batire limachepa mphamvu. Chitsulo chotopa chimene chimabisala masana, m'mawa chimaonekera poyera. Chisanu sichibweretsa nthenda, chimangoulula imene inalipo kale. Injini yabwino imalira bwino ngakhale mu Julaye.

Mboni yoyamba ndi mwini galimoto

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanapite kwa makanika, khalani masiku awiri kapena atatu mukuonetsetsa. Lizani injini osaponda mafuta, ndipo muwerenge nthawi imene kugwedeza kumatha. Kukamatha m'masekondi 10 kapena 30, kawirikawiri ndiye kuti china chake chinadonthera m'silinda usiku, kaya petulo, madzi kapena oyilo, ndipo chikapsa n'kutha silinda imadzuka. Kukamapitirira mphindi zingapo mpaka muvi wa kutentha utayamba kukwera, tiganizire mpweya wolowera pamalo olakwika, sensa yonama, kapena moto wofooka. Kukamakula tsiku la nkhungu ndi mame, moto ukuthawira panjira usanafike pa pulagi.

Zungulirani kumbuyo muone utsi. Kanthunzi koyera kopepuka kozimirira msanga m'mwezi wa Juni si nthenda ayi, n'chimodzimodzi mpweya wa m'kamwa mwathu. Utsi wakuda wonunkha petulo ukusonyeza kuti petulo wachuluka. Wobiriwira motuwa ukusonyeza kuti oyilo akupsa. Woyera, wochindikala, wochedwa kubalalika ndi wonunkha motsekemera ukusonyeza kuti madzi a injini akulowa m'silinda. Ikani chizindikiro pa botolo la madzi a rediyeta injini ili yozizira, ndipo muyang'anenso patapita masiku atatu. Onani ngati nyali yachikasu ya chithunzi cha injini ikuyaka chiyakire kapena ikuphethira. Kumbukiraninso chimene chinachitika vutoli lisanayambe: kodi munathira mafuta pamalo achilendo, munatsukitsa injini, kapena galimoto inatenthapo mopitirira? Foni yanu ijambule kulira kwa injini ndi utsi wake. Zimenezi n'zaulere, koma zimadula ntchito ya makanika pakati.

Moto: mapulagi ndi makoyilo

Poyambira pabwino ndi pa moto, chifukwa ndiye wovuta kawirikawiri ndiponso wotsika mtengo kuyesa. Mapulagi amasulidwe injini itazizira, pakuti hedi ya aluminiyamu ikatentha mazinga ake amaonongeka msanga. Onse anayi aikidwe pa katoni m'ndondomeko ya masilinda ake, osawasakaniza. Pulagi yathanzi imakhala youma, yotuwa ngati phulusa kapena yofiirira pang'ono. Yakuda ndi mwaye ikudya petulo wambiri kapena moto wake ndi wofooka. Yonyowa ndi kununkha petulo sinali kuyaka. Yonata ndi oyilo ikunena za oyilo wolowa m'silinda. Ndipo imodzi ikaoneka yoyera mbee ngati yatsukidwa, pamene zinzake zili zotuwa, musasangalale nayo, pakuti chimene chaitsuka ndi nthunzi ya madzi.

Mpata wa kunsonga kwa pulagi umakula pamene pulagi ikutha. Pa ma Toyota ambiri muyeso wake ndi mamilimita 1.1, koma buku la galimoto yanu ndilo lodziwa. Mpata ukakula, moto umafuna mphamvu yochuluka kuti udumphe, ndipo m'mawa ndi pamene umalephera. Mapulagi wamba amatopa pakati pa makilomita 20,000 ndi 40,000, pamene a iridium amafika pafupifupi 100,000. Chenjerani ndi otsika mtengo modabwitsa olembedwa NGK kapena Denso, chifukwa maina awiriwa amaberedwa kwambiri ndi opanga zachinyengo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Injini zambiri za masiku ano zili ndi koyilo yakeyake pamwamba pa pulagi iliyonse. Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Ngati silinda 2 ndiyo ikuphonya, makanika asinthanitse koyilo yake ndi ya silinda 3, galimoto igone, ndipo mawa muone. Misi ikasamukira ku 3, koyilo ndiyo yolakwa, ndipo mugula imodzi yokha. Ikatsala pa 2, koyilo ilibe mlandu, ndipo pulagi isinthanitsidwe chimodzimodzi. Pochotsa koyilo asuzumire m'dzenje la pulagi. Mukakhala oyilo, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba yatha, ndipo koyilo yatsopano idzafa ngati yakale ija gasiketiyo ikapanda kusinthidwa. Mukakhala madzi kapena dzimbiri, kumbukirani tsiku limene anyamata otsuka magalimoto anapopera injini ndi paipi yamphamvu, kapena masiku a dzinja pamene munkaoloka zithaphwi za ku Kanyama.

Ma Corolla akale a disitiribyuta ndi mawaya a mapulagi amayesedwa bwino kukadali mdima. Tsegulani boneti injini ikulira, ndipo mawaya akakhala ong'aluka mudzaona timoto tobiriwira tikudumphira pa zitsulo. Yang'anani ndi maso okha, chifukwa m'mawayamo mumadutsa mavoti opitirira 10,000. Chivundikiro cha disitiribyuta chitsegulidwe, aone ngati muli chinyezi kapena mng'alu. Batire nalo liyesedwe: lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 litagona usiku, ndipo poliza injini lisatsike kwambiri pansi pa 10. Likamatsika, moto wa mapulagi umafooka pa nthawi imene ukufunika koposa.

Mpweya wolowera pa mpanda

Kompyuta imapereka petulo molingana ndi mpweya umene yawerenga pakhomo. Mpweya wina ukalowera pena, monga pa paipi ya labala yong'aluka kapena pa gasiketi ya manifodi, petulo amachepa ndipo silinda yapafupi imaphonya. Injini ya 1ZZ-FE, imene ili mu Allion, Premio, Wish ndi ma Corolla a malita 1.8, imadziwika ndi vuto limeneli. Manifodi yake ndi ya pulasitiki, ndipo gasiketi ya labala ikakalamba imakhwinyata m'chisanu n'kusiya mpata, koma ikafunda imafufuma n'kutseka yokha. Amene aiyesa masana sangapeze kanthu. M'mawa, makanika akawaza timadzi pang'ono m'mbali mwa manifodi, kulira kwa injini kumasintha pamene pali mpatapo. Asayese ndi petulo, pakuti injini ya misi ingakhale ndi moto wothawa pafupi.

Fumbi la m'misewu ya m'makomboni, makamaka mphepo ya Ogasiti ikayamba, nalonso lili ndi mbali yake. Sefa ya mpweya, imene ambiri timati eyakilina, ikauziridwa ndi kompuresa kawirikawiri imabooka, ndipo fumbi limakamatira pa kawaya kosalimba ka sensa yowerenga mpweya. Sensayo imatsukidwa ndi mankhwala ake okha, osaikhudza ndi nsalu kapena waya. Pakhosi pamene mpweya umalowera mu injini pamadzazanso mwaye, ndipo kupatsuka kumathandiza injini kulira mokhazikika.

Petulo ndi sensa ya kutentha

Injekita yotha imadontha usiku wonse, ndipo pofika m'mawa silinda yake imakhala yonyowa. Chizindikiro chake ndi injini yochedwa kulira, utsi wakuda pang'ono, ndi pulagi imodzi yonunkha petulo ikamasulidwa injini isanalizidwe. Injekita yotsekeka imachita zosiyana: m'malo mopopera ngati nkhungu imalavula madontho, amene sayaka pa zitsulo zozizira. Mainjekita nawonso angathe kusinthanitsidwa monga makoyilo, kapena kuyesedwa pa makina oonetsa mmene iliyonse ikupoperera.

Mafuta ogula m'zigubu kuseri kwa nyumba amabweretsa zambiri mwa zimenezi. Lamulo limafuna kuti wogulitsa mafuta akhale ndi chilolezo cha Energy Regulation Board, bungwe limene mu 2018 linayamba kuika chizindikiro m'mafuta pofuna kugwira ozembetsa ndi osakaniza. Wa m'chigubu palibe amene wamuyesa. Akakhala ndi parafini, savuta kuyaka injini itatentha koma amakana m'mawa. Akakhala ndi madzi, madziwo amadikha pansi pa thanki usiku, pomwe pampu imayambira kukoka. Chizolowezi choyenda thanki ili pafupi kuuma nachonso chimatopetsa pampu, chifukwa petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa.

Sensa ya kutentha kwa madzi ikanama kuti injini yafunda pamene ili yozizira, kompyuta imamana injini petulo woonjezera uja. Kuigwira bodza n'kosavuta, koma m'mawa mokha. Galimoto itagona usiku, makanika alumikize makina ake asanalize injini. Kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya kuyenera kufanana ndi kwa kunja. Makina akanena madigiri 60 pamene inu mwavala juzi ziwiri, wolakwa wapezeka.

Pamenepa titchulenso thermostat, kachitseko kamene kamatsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka atafika madigiri pafupifupi 82. Amakanika ambiri amakachotsa, n'kumati kanapangidwira maiko a chipale. Kakachotsedwa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo misi ya m'mawa imakula. Galimoto ikamatentha mopitirira, chofunika n'kupeza chifukwa chake, osati kutaya thermostat.

Madzi m'silinda

Apa ndi pamene tikupempha owerenga athu kutchera khutu, chifukwa pamenepa ndi pamene mabanja amataya injini. Pakati pa hedi ndi thunthu la injini pali gasiketi yolekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Galimoto ikatenthapo mopitirira, gasiketiyo ingathe kuchita kamng'alu kakang'ono. Mukazimitsa injini madzulo, madzi amakhala akadali opanikizika, ndipo amadonthera m'silinda pang'onopang'ono. M'mawa silindayo imaphonya kwa masekondi angapo mpaka madziwo atauma, kenaka zonse zimaoneka bwino. Zizindikiro zake tazitchula kale: madzi otsika popanda podontha pooneka, utsi woyera wotsekemera, ndi pulagi imodzi yotsukika. Nthawi zina paipi yaikulu ya rediyeta imalimba msanga injini itangolira kumene, kapena m'botolo mumatuluka thovu.

Makanika ali ndi njira zotsimikizira. Angathe kupopera mpweya m'rediyeta ndi kapampu kokhala ndi geji, n'kuona ngati muvi ukutsika ndi ngati m'silinda mwalowa madzi. Palinso mankhwala obiriwira amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa m'madzi a rediyeta. Angathenso kuyesa kupanikiza kwa silinda iliyonse ndi geji, ndipo manambala anayiwo alembedwe pa pepala. Sayenera kusiyana kwambiri. Imodzi ikatsalira patali, vuto lili pa gasiketi, pa mavalavu kapena pa maring'i, ndipo palibe pulagi kapena koyilo imene ingalichize.

Likagwidwa msanga, ntchito yake ndi gasiketi yatsopano ndi kupala hedi. Likalekereredwa, tsiku lina madzi amadzaza silinda, ndipo popeza madzi sapanikizika, mkono wa pisitoni umapindika pa kupotokola kiyi kumodzi. Zikatero nkhani imakhala yogula injini ina. Kuteteza kwake kumayambira pa madzi amene timathira. Madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ya Lusaka amachokera m'miyala ya laimu, ndipo aliyense amaona zoyera zimene amasiya m'ketulo. Zomwezo zimatseka timipaipi ta rediyeta. Thirani mankhwala ake a rediyeta osakaniza monga mwa malangizo, ndipo musatsegule chivundikiro chake injini ili yotentha.

A minibasi za dizilo

Injini ya dizilo, monga ya Rosa ndi ya ma Hiace ena, ilibe mapulagi a moto. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. M'mawa zitsulo zozizira zimaba kutenthako, n'chifukwa chake pali mapulagi otenthetsa, amene amakanika amati mahita. Dalaivala adikire kuti kanyali ka waya wopotana kazime asanalize injini. Hita imodzi ikafa, injini imalira ndithu koma imagwedezeka ndi kutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, woluma m'maso. Iliyonse imayesedwa payokha ndi mita, ndipo makanika aonenso ngati magetsi akufikadi kwa izo. Vuto lina ndi mpweya wolowa m'mapaipi a dizilo usiku. Popani kapampu ka pamwamba pa sefa mpaka kalimbe musanalize: injini ikalira bwino tsiku limenelo, pali polowa mpweya. Pansi pa sefa yomweyo pali kotsegulira kotayira madzi. Kukankhitsa basi m'mawa uliwonse, kapena kununkhitsa injini nsanza ya petulo, si mankhwala. Njira yachiwiriyi ingaswe pisitoni ndi kuotcha woigwira.

Makina oyesera si mlosi

Magalaja ambiri tsopano ali ndi makina olumikiza pansi pa chiwongolero. Njira imeneyi, yotchedwa OBD-II, inakhala lamulo ku United States mu 1996. Nambala ya P0301 imatanthauza misi pa silinda 1, P0302 pa silinda 2, mpaka P0304, pamene P0300 ndi misi yosakhazikika pa silinda imodzi. Magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan samvana ndi timakina totsika mtengo, kotero kusapezeka kwa nambala sikutanthauza kuti galimoto ili bwino. Ndipo nambala imangoloza khomo, siitchula wakuba. P0302 sinena kuti gulani koyilo. Ikunena kuti yambirani pa silinda 2. Musachotse batire kapena kulola kuti manambala afufutidwe asanalembedwe, chifukwa pamodzi nawo kompyuta imasunga kutentha ndi liwiro la injini pa nthawi imene misi inachitika.

Nyali ija ikamaphethira, ndiye kuti petulo wosapsa akupita ku ekizozi wochuluka moti angasungunule catalytic converter, chitsulo chodula choyeretsa utsi. Petulo yemweyo amatsuka oyilo m'makoma a silinda ndi kutsikira m'oyilo wa pansi, n'kumusungunula. Kuponda mafuta mwamphamvu kuti injini itsegule kukhosi, monga timamvera m'bandakucha m'makomboni, kumangobisa misi ndi kupweteka injini imene oyilo sanafike paliponse. Injini ilire theka la mphindi kapena mphindi imodzi, kenaka nyamukani mofatsa. Ndipo musaifunditse m'galaja yotseka kapena pansi pa zenera la chipinda chogona ana, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe uja wa mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka, wosaoneka ndi wosanunkha.

Kupangana ndi makanika

Tsono chochita n'chiyani? Galimoto ikagone ku galaja, ndipo mupangane kuti wina asailize inu musanafike. Ngati mtima sukulola kuisiya, itanani makanika kumene imagona, kaya pakhomo kapena pamalo olondera magalimoto, afike ndi zida zake dzuwa lisanatuluke. Mulipireni ulendo ndi nthawi yake. Ambiri timakana kulipira kuyesa, timangofuna kulipira kumanga chitsulo, ndipo potero timaphunzitsa amakanika athu kulosera m'malo mofufuza. Ndalama ya ola limodzi la m'mawa ndi yochepa poyerekeza ndi makoyilo anayi ogulidwa chabe.

Funsani mwaulemu koma mosaopa: “A makanika, ndi silinda iti ikuphonya, ndipo mwaona chiyani?” Mmisiri weniweni amakondwera ndi funso lotere, ndipo amakuonetsani. Safunsa anadya phula. Pasinthidwe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, galimoto igonenso, ndipo chiweruzo chiperekedwe mawa m'mawa, osati madzulo omwewo. Zitsulo zochotsedwa mutenge, ndipo mulembe m'kabuku tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa.

Mawu omaliza apite kwa eni matakisi ndi minibasi. Woona galimoto m'bandakucha ndi dalaivala, inu mumaiona madzulo ikubwera ndi ndalama ya tsiku, ikulira bwino. Akakuuzani kuti ikugwedeza m'mawa ndipo madzi akutsika, musafulumire kuganiza kuti akufuna kudula ndalama yanu. Dzukani tsiku limodzi mukaone nokha. Nanunso madalaivala, musabise poopa kutaya tsiku la ntchito. Galimoto imodzi imadyetsa banja la mwini wake, la dalaivala ndi la kondakitala, ndipo m'mawa umodzi wa ku galaja ndi wopepuka kusiyana ndi mwezi wathunthu galimoto ili pa miyala. Chisanu cha chaka chino chisathe musanaiyese, chifukwa kukayamba kutentha mu Seputembala misi idzabisala, koma nthenda yake idzakhala ikukula.